Anabwera Kudzafunsa Mbiri

Majaua, 9 de Janeiro, 2023

Mlongo wanga Liness,

Ndiyambe ndi moni wa mayi, chifukwa akhala pompano akuyang'anitsitsa cholembera changa ngati ndiwabera mawu. Akuti uli bwanji ku Maputoko, ukudya kapena ukungowerenga? Mlamu wako Glória ndi ana akuti moni. Ife tadzuka, koma mayi mutu sukuwasiya. Anamwino akuti magazi akuthamanga, asamamve nkhani zodzidzimutsa. Utumize mapiritsi ang'onoang'ono aja kudzera kwa Dona Natália akamabwera ndi kapulana, zitenje zawo za malonda zija.

Usavutike ndi kuimba foni. Yanga inamwa madzi a mu Ruo ndikuwolotsa nandolo, sinadzukenso. Ya Glória imagwira pokhapokha munthu akwere pachulu cha kwa a Gerson, ndipo pamenepo ukangoti "alo", mudzi wonse wabwera kudzakuthandiza kumva. Tibwerere ku makalata ngati kale. Ine kuwerenga pakhonde anthu atandizungulira ndimakukonda, ukudziwa.

Koma undithandize yankho, anthu andipanikiza. Akuti mlongo wako ndi dotora, nanga bwanji sabaya jakisoni? Ndimati ndi dotora wa za boma, amaphunzitsa pa yunivesite mmene boma limayendetsedwera. A Gerson ndiye akuti, "Kani boma limachita kuphunziridwa? Nanga otiuza kuti bwerani mawa aja anathawa sukulu ali kalasi yanji?" Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa.

Buku lako lija mayi analikulunga m'kapulana n'kuliika pamodzi ndi kolona wawo. Ine ndinayesa kuliwerenga, koma Chipwitikizi chake n'cholimba ngati makaka osaviika. Ndinangoonamo mawu akuti Majaua, mtima wanga n'kukhala pansi.

Utiuze za kumeneko. Chimanga chamera bwino chaka chino.

Ndine mlongo wako,
Tito


Maputo, 2 de Fevereiro, 2023

Achimwene,

Zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndikudziwa kuti iyi muiwerengera pakhonde, ndiye moni kwa nonse mwakhala pamenepo. Mayi, ndikudya. Mapiritsi ali m'kathumba kamene Dona Natália akupatseni. Muzimwa m'mawa uliwonse, ngakhale tsiku limene mutu sukupweteka.

A Gerson muwauze kuti funso lawo ndi lomwe ndakhala ndikufunsa chilowere yunivesite. Ntchito yanga ndi kuphunzitsa achinyamata amene mawa adzakhale kuseri kwa matebulo a m'maofesi: mmene boma limalembera anthu ake, mmene limagawira ntchito, komanso chifukwa chake munthu wopalasa njinga kuchokera ku Majaua sayenera kuuzidwa kuti abwere mawa. Ena amamva. Buku lija likunena za anthu a m'malire ngati ife, amene munda uli kuno, chigayo chili kutsidya, ndipo boma la uku ndi la uko onse sadziwa bwino powalemba.

Tsopano pali kankhani. Pasukulu pano pali mpando umene watseguka, ndipo dzina langa linatchulidwa. Chifukwa cha zimenezo, mwina kubwera anthu ochokera kuno kudzafunsa mbiri yanga. Akabwera muwalandire mwaulemu, koma musachulutse gaga m'diwa. Muziyankha mwachidule. Mukumbukirenso kuti kuno amandidziwa ndi dzina la pa mapepala, Lucinda Jaime. Achimwene, ndime imeneyi muiwerengenso panokha. Zambiri ndidzafotokoza tikaonana.

Mayi asade nkhawa ndi chilichonse.

Ndine mlongo wanu,
Liness


Majaua, 19 de Fevereiro, 2023

Dotora Lucinda Jaime!

Waona, ndayamba kale kuzolowera. Moni kuchokera kwa tonse. Tili bwino kuposa mmene takhalira zaka zonsezi.

Kalata yako yagwedeza mudzi. Nditangofika pa mawu akuti mpando ndi mbiri, mayi anaimirira n'kuimba nthungululu mpaka nkhuku kubalalika. Ndime ija ndinaiwerenganso pandekha monga unanenera, ndipo ndinakumvetsa: sufuna kudzitama zinthu zisanapse. Koma iwe, mbewa yamanyazi inafera kuuna. Boma lingatumize anthu ulendo wonsewo kudzafunsa mbiri ya munthu wamba? Nanga ya ine Tito bwanji sanabwerepo kudzaifunsa?

A Gerson akuti ndi mmene amachitira akafuna kukweza munthu, amayamba aona kumene anachokera. Pofika Lamlungu kutchalitchi, mpando wako wa pasukulu uja unali utakula kale. Anthu akuti ukubwera kudzakhala administradora, bwanamkubwa wa Milange yense. Ine sindinavomere, komanso sindinakane. Nkhani yokoma chonchi ndikanaikana bwanji?

Mayi mutu wasiya, akuti mapiritsi ako ndi abwino koma kalata yako yaposa. Azira nyumba ndi dothi lakuda, tambala wofiira uja aletsa kuti asagulitsidwe, akudikira alendo. Anthu ayamba kale kubweretsa madandaulo, wina mlatho, wina mphunzitsi, wina akufuna ntchito ya mwana wake. Mayi wa pamudzi pano uja amene ankati kuphunzitsa mtsikana n'kuthirira dimba la eni, lero akuti "mwana wathu".

Za gaga usade nkhawa. Wolankhula ndidzakhala ine, ndipo Chipwitikizi changa ndikuchinola tsiku ndi tsiku.

Mlongo wa administradora,
Tito


Maputo, 5 de Março, 2023

Achimwene,

KALATA IYI MUWERENGE NOKHA. Musaitsegulire pakhonde.

Yanu ija ndaiwerenga. Ndayesa foni ya alamu Glória masiku onsewa, sikulowa. Ndinalemba mozungulira poopa magazi a mayi, tsopano ndilemba molunjika.

Za administradora palibe. Mpando uja ndi wa mkulu wa gawo lathu la pasukulu basi. Munthu wina amene akuufunanso wakanong'oneza akuluakulu kuti ine si Mmozambiki, ndine Mmalawi amene analowa ntchito ya boma ndi mapepala abodza. Anthu akubwerawo sakubwera kudzanditamanda. Akufufuza mlandu.

Inu mukudziwa mmene zinalili. Sedula yanga, pepala la kubadwa lija, ikuti Lucinda Jaime anabadwira ku Majaua mu 1989. Bambo ndiwo ananena choncho kwa olemba anthu titabwerako kothawa nkhondo, ine ndili kamwana. Mapepala anga onse, kuyambira a pulaimale mpaka a udotora, aima pa mawu amenewo. Sedula ikagwa agwa onse, ndi ntchito yomwe.

Sindikupempha mayi kuti aname. Ndikupempha nthawi. Ndayamba kale kupempha kuti sedulayo ikonzedwe mwalamulo. Ndikayamba kunena ine, kukhala kukonza cholakwika. Akayamba kupeza iwo, ukhala mlandu. Kusiyana kwake n'komweko. Ndiye akabwera, muwauze kuti mayi akudwala sangayankhule, zomwe zili zoona, ndipo inu munene kuti nthawi imeneyo munali mwana. Tambala mupheni ngati mukufuna, koma pakamwa mutseke.

Achimwene, ndili ndi mantha.

Liness


Majaua, 30 de Março, 2023

Mlongo wanga,

Tili moyo, yamba wamva zimenezo. Namondwe Freddy watipweteka. Ruo anadzaza mpaka m'minda, chimanga cha kudambo chonse chinagona, khitchini ya mayi inagwa. Kutsidya ndiye usanene, phiri linagumukira anthu. Chichokere ya February sitinalandire kalata yako. Tikumva kuti Dona Natália anatsekeredwa ku Mocuba, mashapa, timinibasi tija, sakudutsa. Ino ndapatsira a katekisiti amene akupita ku Quelimane.

Koma pukuta misozi, pali nkhani yabwino. Alendo ako anabwera! Pamene shapa ikulephera, galimoto lawo lalitali linadutsa matope ngati palibe. Anali azibambo awiri aulemu, nsapato zowala. Anati, "Tabwera kudzamva za Dotora Lucinda." Ndinati mwafika, khalani. Tambala uja anagona pa mpunga, Glória anaphikanso kalongonda, mmodzi wa iwo mpaka anapempha wina.

Ine ndinafuna kuyankha mwachidule monga unanenera, koma mayi ukuwadziwa. Anavala kapulana yawo ya Pasaka, anakhala pamkeka n'kuti, "Tito, iwe uzingotembenuza, mbiri ya mwana amaidziwa ndi make." Ndiye iwo amanena m'Chinyanja, ine ndikuthira m'Chipwitikizi, foni ya alendo ili pakati ikujambula mawu.

Atafunsa kuti unabadwira kuti, mayi anaseka. Anati, "Lembani bwino pamenepa. Ameneyu anabadwira pansi pa tenti ya lona, ku kampu ya Muloza, ku Malawi, chaka chachiwiri tithawireni nkhondo. Mvula ikugwa, nsalu yomufunditsa ndilibe. Namwino wa Chimalawi anavula chitenje chake n'kumukulunga. Ndinamufunsa dzina, anati Liness. Ndinati ndiye dzina la mwanayu." A Vitória, amene anadula mchombo wako, anali pomwepo, anavomereza kuti anaona ndi maso awo.

Wamkulu uja anafunsa kuti nanga Lucinda anachokera kuti. Apa mayi ananena za nzeru za malemu bambo. Anati titabwerera mtendere utabwera, kunamveka mphekesera kuti ana obadwira kutsidya sadzalandiridwa kusukulu. Olemba anthu atafika pansi pa mango wa kutchalitchi, bambo anaima nji n'kuti, "Uyu ndi Lucinda, wobadwira pompano pa Majaua," n'kuchotsako chaka chimodzi kuti usaoneke wamkulu m'kalasi. Mayi anati, "Akanapanda amuna anga kuchenjera, bwenzi lero mulibe dotora." Tonse tinaseka, alendonso anamwetulira. Anapempha kuti mayi abwereze pang'onopang'ono, ine n'kumasulira kawiri konse kuti pasatayike kanthu.

Kenako mayi anayenda nawe moyo wonse. Mmene unkayankhira m'Chinyanja aphunzitsi akafunsa m'Chipwitikizi, n'kumenyedwa, koma osajomba. Mmene asisitere a ku Milange anakutengera ku sukulu yogonera komweko, mayi akuwolotsa makaka pamutu kuti upeze sopo ndi makope. Za ku Mocuba, za ku Maputo, za ku Brazil kumene unakatenga udotora n'kubwerako utawonda ngati bango. Ananenanso za tsiku lija unabwera kudzafunsa anthu a m'midzi za mapepala awo, ukulemba buku, azimayi n'kumakuseka kuti dotora akukhala pansi pafumbi. Pomaliza anatulutsa bukulo m'kapulana. Ine Tito, wosalira pamaliro, misozi inalengeza.

Alendo analemba zonse n'kupempha chala. Mayi anadinda, a Vitória anadinda, ine ndinasaina ngati womasulira. Inki ya pachala mayi anakana kuisamba mpaka anakaionetsa ku mphakati.

Mbiri yako tainena bwino, mlongo wanga, palibe chimene tasiya. Utiuze tsiku lodzakhala pampando.

Tito


Majaua, 11 de Abril, 2023

Liness,

Dona Natália afika dzulo. Kalata yako ya 5 de Março ndaiwerengera kumunda, pakati pa chimanga chogona.

Safunsa anadya phula, ndipo ndine. Unandiuza kuti ndiwerengenso pandekha, ine ndinawerenga zimene mtima wanga unkafuna. Ndiye ndinamasulira ndi pakamwa pangapa, kawiri, ndikukometsera.

Mayi sindinawauze. Anandiona ndikubwera ndi envelopu, ndinati muli malangizo a mapiritsi. Akufunsa ngati administradora amagona m'nyumba ya udzu akabwera kwawo, kapena tifune malata.

Ndiuze chochita. Ngati kuli kopita ndipita, ngakhale wapansi.

Tito


Maputo, 14 de Maio, 2023

Achimwene,

Moni. Mayi ali bwanji? Khitchini munaimanganso? Ndatumiza mapiritsi ena, ndi kangachepe kogulira chimanga poti cha kudambo chinapita.

Makalata anu onse awiri anafika pamodzi. Ya pa 30 de Março ndinaiwerenga mpaka kumapeto, ndipo ndinalira, osati chifukwa cha mlandu wokha. Za chitenje cha namwino ndinali ndisanazimvepo bwino chonchi. Musadzizunze. Madzi akatayika saoleka, ndipo mayi sananene bodza ngakhale limodzi.

Anandiitana sabata yatha. Anakhala anthu asanu kuseri kwa tebulo n'kutsegula foni. Ndinamva mawu a mayi m'chipinda chimenecho, akuseka, tambala wina akulira kumbuyo, kenako mawu anu. Mmodzi wa asanuwo ndinamuphunzitsa ndine. Sanadzutse mutu mpaka ndinatuluka.

Ndinawauza zimene ndimaphunzitsa chaka chilichonse: mwana wa Amozambiki ndi Mmozambiki, kaya abadwire kutsidya kwa mtsinje, bola zilembedwe. Sanatsutse. Akuti nkhani si imeneyonso, za Umalawi azisiya. Nkhani ndi yakuti ndinalowa ntchito ya boma ndi pepala limene ndinkadziwa kuti si loona. Ndinati pamene linkalembedwa ndinali ndisanadziwe ndi kulemba komwe. Anati nanga mutakula, dotora, inu wolemba buku la anthu opanda mapepala? Zoona, sindinalikonze. Ndinkaopa chomwechi, kuti ndikagwedeza mwala wapansi khoma lonse ligwa.

Andiimitsa kaye. Ophunzira anga apatsidwa kwa munthu wina. Pempho langa lokonza sedula lili pa tebulo la wina wake, ndikapita akuti ndibwere mwezi wamawa. A Gerson muwauze, aseke.

Masana ndimakhala m'nyumba, sindinazolowere. Mayi musawauze mpaka chigamulo chituluke.

Liness


Majaua, 8 de Julho, 2023

Mlongo wanga,

Moni. Ana ali bwino. Mayi sali bwino.

Adziwa. Nkhani inatulukira kumsika, sindikudziwa kuti inadzera pakamwa pa ndani. Mayi uja wa dimba la eni anawapeza pachitsime n'kuwafunsa kuti, "Paja akuti mwana wanu mwamuchotsetsa ntchito ndi pakamwa panu?" Anabwera opanda ndowa. Anandikhazika pansi n'kuti, "Tito, werenga kalata ya mapiritsi ija." Ndinawerenga imeneyo, ndi yotsatira yake yomwe.

Sanalire. Anangofunsa kuti, "Ndiye tambala uja ndinaphera anthu odzapha mwana wanga?" Kuyambira tsiku limenelo akudya ngati mbalame. Amene ankabwera ndi madandaulo a mlatho tsopano amadutsa kuseri kwa nyumba.

Ndinapita ku Milange kukafunsa nzeru. Pafupi ndi msika pali a Florentino, amene amalembera anthu makalata opita m'maofesi. Ndinawafotokozera zonse. Iwo akuti njira ilipo imodzi. Akuti pepala silikangana ndi pepala ngati ana ali awiri. Mayi akalumbire kuti alendo aja sanawamve bwino: Liness, wobadwira ku kampu, anamwalira ali wakhanda. Chaka chotsatira mayi anawolokera kuno mozemba kudzakumba chinangwa, monga ankachitira azimayi ambiri nthawi ya nkhondo, n'kuberekera kumunda mwana wina, ndiye Lucinda. Akuti zikatero sedula yako yaima, ndipo wolakwa ndi womasulira. Zimenezo ndavomera, andinene kuti Chipwitikizi sindichidziwa, n'zoona kale.

Koma Liness, kunena kuti munthu wamoyo anafa ndi malodza, iwenso ukudziwa. Nditawauza mayi anatseka makutu. Mawa lake anandifunsa ngati zingakubwezeredi ntchito. Ndinati sindikudziwa, tidikire mwiniwake anene. Sindichita kanthu usanayankhe, ndaphunzira.

Yankha msanga.

Tito


Maputo, 12 de Agosto, 2023

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu ndi ana. Kalata yanu yachedwa panjira, ndiye ndiyankhe chachikulu poyamba: AYI. Za a Florentino zisiyeni. Mayi asapite kulikonse, asalumbire kanthu.

Sizingathandizenso. Chigamulo chinatuluka pa 28 de Julho. Andichotsa ntchito. Akuti sindingagwirenso ntchito ya boma, ndipo mapepala anga a sukulu aimitsidwa mpaka sedula idzakonzedwe. Loya akuti tikhoza kudandaula, koma zimatenga zaka. Ndikudziwa kuti sakunama, chifukwa zaka zimenezo ndinaziwerengapo ndekha m'buku langa. Mpando uja anapatsa munthu amene ankaufuna.

Ndinapita kukatenga mabuku anga. Mlonda wa pageti, amene ankandipatsa moni wa "dotora" m'mawa uliwonse, anasowa chonditchula, anangondithandiza kunyamula katoni. Nyumba ya sukulu ndituluka kumapeto kwa mwezi. Mnzanga wina wandipezera ana a anthu oti ndiziwathandiza homuweki madzulo, ndiyambira pamenepo.

Moyo wanga wonse ndinkakhulupirira kuti boma ndi chinthu chimene munthu angachiphunzire, n'kuchikonza pang'onopang'ono. Lero sindikudziwa. Ndatopa, achimwene, kutopa kosatha ndi tulo.

Muwauze mayi kuti sindinawakwiyire ngakhale pang'ono. Lucinda anali wa mapepala, amutenga eni mapepala. Chimene chatsala ndi Liness, dzina limene mayi amandiitana nalo ndikamatsika shapa. Usiku ndi usana ndikungolakalaka kulimva. Limenelo lokha musalikhudze. Ndikapeza ya basi ndibwera mvula isanayambe, ndidzakhale nawo pakhonde.

Mlongo wanu,
Liness


Majaua, 17 de Agosto, 2023

Kwa Lucinda,

Akulemba ndi mlamu wako Glória, koma mawu ndi anga, mayi ako. Tito sakudziwa kuti ndikulemba.

Uli bwanji mwananga? Ukudya? Ine ndilipo.

Tinadikira yankho lako, silinabwere. Tito amati dikirani, dikirani. Ine ndinati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pakamwa panga ndi pamene panaononga, pakamwa pomwepo pakonze. Lolemba Tito atapita kumunda, ndinakwera njinga ya hayala ndi Glória ndi a Vitória mpaka ku Milange. A Florentino analemba, kenako tinalowa mu ofesi.

Munthu wa mu ofesi anali waulemu, anandipatsa mpando. Anati ndikweze dzanja. Anandifunsa kuti mwana wa ku kampu uja ali kuti. Ndinati anamwalira. Anafunsa kuti anadwala chiyani, ndinati chikuku. Anafunsa kuti anali wamkulu bwanji, ndinati anali atayamba kumene kukhala pansi. Anafunsa za manda, ndinati ali ku Muloza, koma pano analimapo. Anafunsa ngati tinamuika m'bokosi. Ndinati ayi, tinamukulunga m'chitenje chomwe chija. Zimenezi a Florentino sanandiphunzitse, zinangotuluka zokha, ndipo ndinalira kwenikweni mpaka munthuyo anati pepani mayi. A Vitória anavomereza. Tinadinda.

Lamlungu likubwerali sindikalandira Ukalistia, ndipo sindikudziwa kuti ndidzayambanso liti. Zimenezo ndi za ine ndi Mulungu, iwe zisakukhudze.

Koma pali chimodzi chimene uyenera kudziwa. Dzina limene munthu walilirira maliro saitanira nalo wamoyo, imfa ingamve n'kubwera kudzatenga chake. Ndiye dzina lija ndaliika. Ndauza Glória, ndauza ana, ndiuzanso Tito, pakhomo pano lisamvekenso. Ukadzabwera ndikadzakuitana Lucinda usadzadabwe. Lilime langa silinalizolowere, ndikumayeserera ndekha ndikamasenda chinangwa. Zikundiwawa ngati ndaikadi mwana, koma bola ntchito yako.

Pepala lake ndi ili, ndaliika momwemu. Ukawapatse akuluakulu ako aja, uwauze kuti mayi ndi okalamba, anasokoneza ana. Ndiye undiyankhe msanga, mwananga, ngati akubwezera ophunzira ako.

Ndine mayi ako,
Ermelinda

Alamu, ndine Glória. Tisanamate envelopu, Dona Natália angofika kumene ndi kalata yanu. Achimwene anu akadali kumunda. Mayi akuti sangadikire, ndiitsegule ndiwawerengere pompano.